Kasamalidwe ka dreni kunyumba pambuyo pa opaleshoni yokonza khungu la pamimba

Mkulu wanga atabwerako ku Lusaka, kumene anakachitidwa opaleshoni yochotsa khungu lolendewera la pamimba atabereka ana anayi, anatsika m'galimoto pakhomo pathu ku Kapata m'tauni ya Chipata ali chiweramire, timapaipi tiwiri titatulukira m'munsi mwa mimba, ndipo kunsonga kwa kapaipi kalikonse kunali kampira koonekera m'kati kokhala ndi madzi ofiira. Amayi ataona zimenezo anagwira pakamwa n'kufunsa kuti, “Mwana wanga, akutulutsa bwanji m'chipatala magazi akali kutuluka?” Ntchito yosamalira timapaipi timeneto, timene madokotala amatitcha dreni, inagwera ine kwa masiku 11, ndipo zimene ndalemba pano ndinaziphunzira kwa adokotala, kwa anesi ndiponso pa zolakwa zanga, kuti wina wodzalandira m'bale wake ali ndi dreni asadzayambe ndi mantha amene ife tinayamba nawo.

Munthu amasamalira bwino dreni akadziwa chimene yaikidwira. Pa opaleshoni imeneyi, imene madokotala amaitcha abdominoplasty ndipo ambiri pa intaneti amangoti tummy tuck, dokotala amacheka m'munsi mwa mimba kuchokera mbali ina ya chiuno kukafika mbali inayo, kenako amalekanitsa khungu ndi mafuta ake kuchoka pa minofu mpaka chakufupi ndi nthiti. Amasoka minofu imene inatalikirana pa nthawi ya pakati, amakokera khungu pansi, amadula lotsala, n'kuboola malo atsopano otulukirapo mchombo. Kunja timangoona mzere umodzi wa bala, koma m'kati mumatsala mpata waukulu ngati thumba pakati pa khungu ndi minofu, ndipo timitsempha tambirimbiri timene tadulidwa timakhira magazi ndi madzi a m'thupi m'thumba limenelo. Madziwo akaunjikana amatchedwa seroma, ndipo limeneli ndilo vuto lofala kwambiri pambuyo pa opaleshoni yamtunduwu. Amalepheretsa khungu kumatirira pa minofu, amakoka ulusi wosokera bala, komanso tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga m'madzi okhazikika. Dreni imayamwa madziwo kuwatulutsa kunja, ndipo mwa kuyamwa komweko imakokera khungu pa minofu kuti ziwirizo zigwirane.

Dreni imene ambiri amabwera nayo kunyumba ndi ya Jackson-Pratt, yotchedwa ndi maina a madokotala awiri a ku America, Frederick Jackson ndi Richard Pratt, amene anailongosola mu 1971. Ili ndi kapaipi kofewa kamene mbali yake yokhala m'thupi ili ndi timabowo tambiri, ndi kampira kamene nthawi zambiri kamalowa mamililita 100. Zilipo zinanso: Redivac ili ndi botolo lolimba limene silitsegulidwa kunyumba koma limasinthidwa lonse, ndipo Portovac ili ndi kachidebe kopindikapindika kamene amakadina kuchokera pamwamba. Zimene ndikufotokoza pano ndi za kampira, choncho funsani kuti yanu ndi yamtundu wanji musanatsate malangizowa. Madokotala ena saika dreni n'komwe, chifukwa amasokerera khungu ku minofu ndi ulusi wambiri wam'kati kuti pasatsale mpata, njira imene Harlan Pollock ndi Todd Pollock a ku Dallas anaifalitsa m'chaka cha 2000. Ngati mukali kukonzekera opaleshoni, ndi bwino kufunsa dokotala wanu njira imene iye amatsata ndi chifukwa chake.

Ntchito yaikulu imayamba wodwala asanatuluke m'chipatala, ndipo apa ndi pamene ife tinalakwitsa. Tinachoka ndi pepala la mankhwala lokha, popanda kalata yonena tsiku limene dreni inaikidwa, kuchuluka kwa madzi kumene dokotala akufuna kuti ifikepo isanachotsedwe, kapena munthu wodzaichotsa kuno kwathu. Tinadzavutika kuimba mafoni nthawi itatha kale. Musachoke musanalandire kalata yoteroyo ndi nambala ya foni imene mungaimbe ngakhale usiku. Amene adzasamalira wodwala akhuthule yekha kampira kamodzi kapena kawiri anesi akuona, pakuti kuonerera wina akuchita sikulowa m'manja. Ndipo ngati mukubwerera ku Eastern Province dreni ikali m'thupi, tumani wachibale akafunsiretu ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, ku Mwami kapena kukiliniki imene mumadalira, kuti adziwe tsiku ndi malo amene wodwala angaonedwe. Maganizo anga ndi akuti amene angathe akhale kaye pafupi ndi dokotala amene wamuchita opaleshoni mpaka dreni itachoka, kaya ndi ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku India, ngakhale kuti zimenezo zimawonjezera ndalama za malo ogona.

Kunyumba mufunika sopo, madzi oyera, spiriti ndi thonje, gozi yosatsegula, pulasitala, mapini a matewera, kapu yokhala ndi mizere ya mamililita kapena sirinji yaikulu yopanda singano, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, ndi kope la sukulu latsopano ndi bolopeni.

Kukhuthula kumachitika kawiri kapena katatu pa tsiku, pa nthawi zofanana tsiku lililonse, ndiponso nthawi iliyonse kampira kakafika theka, chifukwa kakadzaza kwambiri mphamvu yake yoyamwa imachepa. Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi othira, osati a m'beseni limene ena asambiramo kale, ndipo pukutani ndi nsalu yoyera. Masulani kampira pamene mwakamanga, kagwireni kamwa yake itayang'ana kumwamba ndiponso kutali ndi nkhope yanu, n'kutsegula kachitsekero. Mpweya ukalowa kamafufuma. Katembenuzireni m'kapu yoyezera n'kufinya pang'onopang'ono mpaka madzi onse atatuluka, koma kamwa ya kampira isakhudze kapu, zala zanu kapena chovala. Pukutani kamwayo ndi kachitsekero ndi thonje la spiriti. Tsopano pakubwera chinthu chimene chimaposa zonse: finyani kampira ndi dzanja lonse kuchokera m'mbali mpaka kataphwa, ndipo mukali chifinyire tsekani kachitsekero ndi dzanja linalo, kenako n'kusiya kufinya. Kampira kogwira ntchito kamakhala kophwa, kopanikizika m'mbali. Kakakhala kofufuma ngati dzira ndiye kuti sikakuyamwa kanthu, ndipo madzi akutsalira m'mimba. Usiku wachiwiri ine ndinatseka ndisanafinye mokwanira chifukwa magetsi anali atazima ndipo ndinkaunika ndi foni, m'mawa tinapeza kampira kali kofufuma, kopanda kanthu, gozi ya pabowo lotulukira kapaipi itanyowa yonse. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaitana mwana wamkulu wa akulu angawo kuti azindigwirira tochi. Musatsuke m'kati mwa kampira ndi madzi kapena mankhwala alionse, ndipo musachotse kapaipi pa kampira. Mukayeza, tayani madziwo m'chimbudzi, tsukani kapu ndi sopo, n'kusambanso m'manja.

Kope lija ndilo limauza dokotala tsiku lochotsa dreni. Kalendala siinena, ndipo tikiti ya basi siinena. Ngati madreni ali awiri, lembani pa timipira ndi pulasitala kuti “kumanja” ndi “kumanzere”, ndipo lililonse likhale ndi tsamba lake, pakuti kawirikawiri imodzi imauma msanga n'kuchotsedwa inzake ikali kugwira ntchito. Nthawi iliyonse lembani tsiku, ola, mamililita ndi mtundu wa madzi, ndipo m'mawa uliwonse pa ola limodzimodzi phatikizani za maola 24 apitawo. Mwachitsanzo, ngati masana munatuluka mamililita 25, madzulo 15 ndipo m'mawa 20, ndiye kuti tsikulo dreni imeneyo yatulutsa 60. Musamangoyerekeza ndi maso pa mizere ya kampira kakali kophwa, chifukwa mizereyo imanena zoona kampira kakafufuma. Ndiponso musachepetse manambala pofuna kuti dreni ichoke msanga. Wodwala amatopa nayo, ndikudziwa, ndipo mkulu wanga anandipempha pa tsiku lachisanu ndi chitatu kuti, “Mng'ono wanga, ingolemba 30, ndatopa nazo zingwezi.” Ndinakana, chifukwa madzi amene sanatuluke m'kapaipi akanadzatulutsidwa ndi singano pambuyo pake. Kujambula tsamba la kope n'kutumiza kwa dokotala pa WhatsApp masiku awiri alionse kumathandiza kwambiri ngati iye wavomera.

Mtundu wa madzi umasintha motsatana. Masiku oyamba amakhala ofiira kwambiri, kenako amayezuka n'kuoneka ngati madzi otsukira nyama, ndipo pomaliza amakhala achikasu chowala ngati mafuta ophikira koma opyapyala. Kuchuluka kwake kumatsika tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti tsiku limene wodwala wayendayenda kwambiri kumakwerako pang'ono, ndipo zimenezo zokha si zoopsa. M'kapaipi mumaonekanso timagazi toundana totalika ngati ulusi, tina tofiira tina totuwa. Amayi atationa koyamba anati ndi nyongolotsi, ndipo zinatenga nthawi kuwakhazika mtima pansi. Timeneti ndi tachibadwa, koma tingatseke kapaipi, n'chifukwa chake madokotala ambiri amaphunzitsa kukama. Ndi zala ziwiri za dzanja limodzi tsinani kapaipi pafupi ndi khungu n'kugwira zolimba kuti kasakokeke, ndipo ndi zala ziwiri za dzanja linalo, mutagwira thonje la spiriti kuti ziterere, finyani kapaipi n'kutsetsereka molowera kukampira. Tayani kaye dzanja la kukhungu, kenako linalo. Chitani zimenezi musanakhuthule, musagwiritse zikhadabo, ndipo ngati dokotala wanu sanakuuzeni kuti muzikama, mufunseni musanayambe.

Pamene kapaipi katulukira pakhungu pali kaulusi kamodzi kokha kogwira, choncho kulemera kwa kampira sikuyenera kulendewera pamenepo. Kampira kali ndi kakhutu ka pulasitiki, ndipo m'menemo ndimo mumalowetsa pini n'kumanga pa lamba wa pamimba kapena m'kati mwa chovala, m'munsi mwa bala. Pini isaboole kapaipi kapena kampira. Kuno kwathu mayi akabereka amamangidwa chitenje cholimba pamimba, ndipo azakhali ndi agogo adzafuna kuchita chimodzimodzi ndi mtima wabwino. Auzeni mwaulemu kuti, “Agogo, adokotala apereka lamba wake, chitenje chingapinde kapaipi.” Lamba wa kuchipatalayo, amene ambiri amavala kwa milungu pafupifupi 6, nayenso asapinde kapaipi kapena kukadinda pakhungu, ikani gozi pansi pa kapaipi ndipo muziona ngati lambayo sakukwinyika. Diresi lotakasuka kapena malaya otsegula kutsogolo ndiwo abwino kuposa siketi yothina m'chiuno.

Pabowo pazisinthidwa gozi tsiku lililonse ndiponso ikanyowa. Pukutani mozungulira ndi gozi yonyowetsedwa ndi saline (madzi amchere otsukira mabala) ya kufamase kapena madzi owiritsa ozizira, kuyambira pabowo kupita kunja, umitsani, n'kuika gozi yatsopano yong'ambidwa pakati kuti izungulire kapaipi. Kufiira pang'ono pabowo pomwepo kumachitika. Phulusa, mankhwala azitsamba, mafuta odzola ndi ufa wa makapisozi zisafike pamenepo, pakuti kapaipi ndi njira yolunjika yolowera m'kati mwa mimba. Pa za kusamba madokotala amasiyana: ena amalola shawa pakapita masiku awiri, ena amati muzingopukuta thupi ndi kansalu mpaka dreni itachoka, koma onse amakaniza kukhala m'madzi a m'bafa kapena m'beseni. Posamba mangani timipira pa chingwe chovala m'khosi kuti manja akhale omasuka. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala thukuta limadzaza pansi pa lamba, choncho mumasuleni kwa kanthawi ngati dokotala walola, pukutani khungu liume, ndipo mukhale ndi malamba awiri kuti wina akachapidwa wina avalidwe.

Wodwala agone chagada, mitsamiro ili kumsana ndi pansi pa mawondo, kuti mimba isakokeke. Neti ya udzudzu iikidwe bwino wodwala atagona kale, ndipo podzuka aone kaye pamene pali timipira asanatsike, chifukwa kapaipi kamakodwa mosavuta mu neti ndi m'zofunda. Ana aang'ono amene amathamangira kudzakhala pamiyendo ya mayi awo afunika kuwayang'anira. Kunjuta pachimbudzi chokumba ndi kovuta masiku oyamba, ndipo kampira kangakhudze pansi, choncho ngati palibe chimbudzi chokhalira konzani mpando woboola pakati. Mankhwala ena oletsa ululu amadzimbiritsa, ndiye madzi akumwa, mapapaya ndi ndiwo zamasamba zisasowe, pamodzi ndi nyemba, mazira, nshawa ndi kapenta zomangira bala. Fodya amachepetsa magazi ofika pakhungu lokokedwalo, ndipo wa matenda a shuga ayenera kuyeza shuga wake mosadumphitsa.

Kutunga madzi, kubereka mwana, kuchapa chowerama, kusesa ndi tsache lalifupi ndi kuvundula nsima ya banja lonse ziyembekeze kwa milungu pafupifupi 6, kapena monga dokotala wanenera. Koma kugona tsiku lonse n'koopsanso. Pa maopaleshoni okonza maonekedwe, uyu ndi mmodzi mwa amene magazi amaundana kwambiri m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo magazi oundanawo akathothoka n'kupita kumapapo munthu angafe mwadzidzidzi. Wodwala aziyenda pang'onopang'ono m'nyumba ndi pakhonde maola awiri alionse masana, ali chiweramire pang'ono, ndipo akakhala pansi azigwedeza mapazi. Msewu wa Great East Road kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi wa makilomita pafupifupi 570, ulendo wa tsiku lathunthu. Ngati simungachitire mwina koma kuyenda, yambani mwapempha chilolezo cha dokotala, khuthulani timipira musananyamuke, ndipo wodwala atsike n'kuyenda pang'ono pa Luangwa, pa Nyimba, pa Petauke ndi pa Katete. Galimoto imene mungaimitse pamene mwafuna ndi yabwino kuposa basi yodzaza.

Pali zizindikiro zimene siziyembekeza kuti kuche. Kampira kakamadzaza msanga ndi magazi ofiira piriwiri, makamaka madzi atayamba kale kuyezuka, kapena mimba ikatupa mbali imodzi n'kulimba ndi kupweteka kwambiri, wodwala n'kumamva chizungulire, ndiye kuti mwina m'kati muli mtsempha umene ukutaya magazi, ndipo apite kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso katumba wa mwendo umodzi akatupa ndi kupweteka, kapena wodwala akamabanika ndi kumva kupweteka m'chifuwa. Madzi akasanduka a mbuu, akayamba kununkha kapena kuoneka ngati mafinya, pabowo pakafiira mofalikira ndi kutentha, khungu la pafupi ndi bala likayamba kuda, kapena thupi likatentha kufika madigiri 38, aonedwe tsiku lomwelo. Kuno thupi likatentha timathamangira kunena kuti ndi malungo. Kuyezetsa malungo n'koyenera, koma wodwala auze amene akumuyeza kuti wachitidwa opaleshoni ndipo aonetse bala ndi dreni. Amayi ena amabisa chifukwa choopa kunenedwa kuti awononga ndalama podzikongoletsa, mpaka kufika pokana kuvula lamba pamaso pa anesi. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo nesi sangathandize bala limene sanalione.

Zina ndi zovuta za dreni yeniyeniyo. Ikasiya kutulutsa madzi mwadzidzidzi pamene dzulo lake inatulutsa ambiri, ndipo mimba ikufufuma kapena madzi akudontha pabowo, ndiye kuti yatsekeka. Onani ngati kapaipi sikanapindike, kamani, ndipo zikapanda kusintha imbani foni. Kampira kakamafufuma kokha mutangokafinya, onani kachitsekero, ndipo ngati katsekeka bwino ndiye kuti mpweya ukulowera pena, mwina kapaipi kasuntha mpaka timabowo take tatulukira kunja. Kapaipi kakasuntha kapena kuzuka konse, musakabwezeremo. Phimbani bowo ndi gozi yoyera, matani pulasitala, ikani dreni yozukayo m'pulasitiki, n'kupita nayo kuti akaone ngati yatuluka yathunthu.

Madokotala ambiri amachotsa dreni ikamatulutsa mamililita osapitirira 30 pa maola 24, ndipo ena amafuna kuti zitero masiku awiri otsatizana. Kwa ambiri zimenezi zimachitika pakati pa mlungu umodzi ndi iwiri. Kuichotsa msanga kumasiya madzi m'kati, kuisiya nthawi yaitali kumapatsa tizilombo njira, n'chifukwa chake wosankha ndi dokotala ataona kope. Musaizule nokha kunyumba ngakhale mutaonera mavidiyo angati, pakuti kapaipi kangaduke n'kutsalira m'thupi. Wochotsa amatsegula kampira kuti kasiye kuyamwa, amadula kaulusi, amauza wodwala kuti apume mozama, n'kukoka mosadukiza, ndipo zimatha m'masekondi ochepa. Mkulu wanga anati anamva ngati chinthu chikuyenda m'mimba, ndipo anadabwa kuona kutalika kwa mbali imene inali m'kati. Ngati dokotala walola, kumwa mankhwala oletsa ululu theka la ola musanafike kumathandiza.

Bowo silisokedwa, limadzitsekera lokha m'masiku ochepa, ndipo poyamba limadonthako madzi pang'ono, choncho gozi isinthidwe tsiku lililonse mpaka pataumiratu. Lamba apitirize kuvalidwa, ndipo ntchito zolemera zikali zoletsedwa, chifukwa seroma imakonda kubwera m'milungu yotsatira dreni itachoka, pamene wodwala wayamba kudziona kuti wachira. Madzulo alionse masulani lamba, wodwala aimirire, n'kudina pang'ono ndi zala mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba dzanja lina lili mbali inayo. Mukamva madzi akusuntha ngati m'pepala la pulasitiki lodzaza theka, uzani dokotala. Amawakoka ndi singano ndi sirinji kuchipatala, ndipo nthawi zina amabwereza kangapo pa masiku osiyana mpaka thumbalo litauma. Pitani ndi kope lija pa ulendo umenewo, ndipo pa tsamba lotsatira mulembe mamililita amene akoka ndi tsiku lake.